Malemu a Michael Sata: khansala wa ku Bauleni amene anakafika ku State House

Anthu ambiri akachula dzina la malemu a Michael Chilufya Sata amakumbukira mtsogoleri wacisanu wa dziko la Zambia, bambo wa mau aukali amene anamwalira ali pa mpando mu 2014. Koma acinyamata ambiri a lero sadziwa kuti asanakhale mtsogoleri wa dziko, asanakhale nduna, ngakhalenso phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, a Sata anali khansala mu khonsolo ya mzinda wa Lusaka, woimira anthu a ku Bauleni. Ndale anaziyambira pa zinyalala, pa misewu ya maenje, pa misika ndi pa madzi odikha m'makomboni. Ife a ku Kanyama, pamodzi ndi abale athu a ku Chawama, Matero, George, Mtendere ndi Kalingalinga, zinthu zimenezi ndizo tigona nazo ndi kuuka nazo mpaka lero. Ncifukwa cake tifuna kulondola moyo wa bamboyu kucokera pa ciyambi, tione cimene munthu mmodzi wacangu angathe kucitira mzinda, ndiponso cimene sangathe ngakhale atakhala pa mpando waukulu koposa.

Ubwana ndi seminale

A Sata anabadwa pa 6 July 1937 m'mudzi wa Chitulika ku Mpika, m'dziko la Abisa, pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia. Sukulu anayambira ku Mpika komweko. Pambuyo pake anaphunzira ku Katibunga, kenaka analowa seminale yaing'ono ya Lubushi, kumadzulo kwa Kasama, kumene ansembe a White Fathers anali kulera anyamata ofuna unsembe. Amene tinalawako moyo wa m'seminale yaing'ono tidziwa zimene umasiya mwa mnyamata. Belu ndiye amakuutsa, belu ndiye amakugoneka. Usanalowe m'kalasi uyamba wasesa bwalo, ukaweruka ugwira khasu m'dimba, ndipo wamkulu akalamula sumufunsa cifukwa. A Sata sanafike pa unsembe, monga anyamata ambiri amene amalowa pa cipata cimeneco, koma Misa sanaisiye kufikira imfa yao. Tikayang'ana m'mene anagwirira nchito pambuyo pake, tiona zizindikiro ziwiri za maleredwe aja: kudana ndi uve ndi ulesi, ndiponso kukhulupirira kuti zinthu zimayenda wamkulu akalamula.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 analowa upolisi wa boma la atsamunda. Sanakhalitsemo, komabe adani ao pa ndale anali kuwakumbutsa yunifomu imeneyo moyo wao wonse. Atacoka ku upolisi anakagwira nchito ku Migodi, nakhala mmodzi wa atsogoleri a bungwe la anchito. Kumeneko ndiko anaphunzira kulankhula ndi munthu wa malipiro ocepa. Anakhalakonso ku London, kumene anagwira nchito ya manja pa sitesheni ya sitima ya Victoria, kunyamula katundu ndi kusesa. Nchito imeneyi sanacite nayo manyazi. Anali kuichula poyera ngakhale atakhala munthu wamkulu. Atabwerera kuno anakhazikika mu Lusaka nayamba bizinesi ya nyumba ndi malo.

Lusaka imene anaipeza

Kuti timvetse nchito ya khansala wa masiku aja, tiyambe taona mzinda womwe. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo atsamunda anaikonza monga mzinda wa azungu ndi anchito ao owerengeka. Munthu wakuda wopanda nchito sanali kuloledwa kukhalamo. Obwera kudzafuna maganyu anamanga timanyumba pa mafamu a azungu ndi pafupi ndi pokumba miyala, ndiye cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina a azungu, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964 malamulo a citupa anatha, anthu anakhamukira mumzinda kucokera ku zigawo zonse, koma nyumba za khonsolo sizinakwane.

Kanyama yathu inamera pa malo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu. Mvula ikagwa madzi alibe kotsikira. Madzi a pansi ali pafupi, motero cimbudzi cokumba ndi citsime ca pabwalo zimamwetsana. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni omangidwa popanda cilolezo abvomerezedwe ndi kukonzedwa, ndipo ndi nkhongole ya World Bank anaika mipopi ndi misewu ku Chawama, George, Garden ndi Chaisa. Kanyama yakale sinali m'gulumo. Mu February 1978 mvula yoopsa inamiza Kanyama. Anthu anafa, nyumba za njerwa zosaocha zinagwa, mabanja ambiri-mbiri anasowa pogona. Anthu acifundo anasonkha ndalama m'thumba lothandiza obvutikawo, koma akulu-akulu a kuno akali kufunsa kumene zina mwa ndalamazo zinalowera.

Mu 1980 boma la cipani cimodzi ca UNIP linasintha lamulo la makhonsolo. Mpando wa meya unathetsedwa, m'malo mwake munalowa gavanala wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda. Wapampando wa cipani mu wadi ndiye anakhala khansala, ndipo omusankha anali okhawo okhala ndi khadi la UNIP. Cipani ndi khonsolo zinakhala cinthu cimodzi. Apa tigwirepo, abale, pakuti matenda a makada m'misika ndi m'masitesheni a mabasi, amene anatisautsa zaka zambiri, mizu yake ili pamenepa.

Khansala, phungu, gavanala

Pa khomo limeneli ndi pamene a Sata analowera. Mu 1981 anasankhidwa khansala wa Bauleni, komboni ya kufupi ndi manda a Leopards Hill. Ukhansala ndi udindo wopanda ulemerero. Khansala ndiye amene anthu amamugogodera m'mamawa mpopi ukauma, maliro akasowa galimoto, kapena awiri akakangana malire a puloti. Ambiri anali kuutenga udindowu monga mwai wogawa mapuloti ndi makhadi a cipani. A Sata anautenga monga makwerero, koma pokwera anali kusiya nchito yooneka ndi maso. Mbiri yao inamveka kuti ndi munthu wofika yekha pamene pali bvuto, wolankhula ndi anthu m'cilankhulo cao, ndiponso wosaopa ofesi iliyonse.

Mu 1983 anaima pa cisankho ca aphungu napambana ku Kabwata. Mu 1985 a Kaunda anawasankha kukhala gavanala wa Lusaka, kutanthauza kuti khansala wa ku Bauleni uja tsopano ndiye anakhala mutu wa khonsolo yonse. Inali nthawi yowawa. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira 1975, boma linali litamira m'nkhongole, ndipo mu October 1985 linayamba kugulitsa madola pa okushoni, kwacha nigwa mphamvu sabata ndi sabata. Amai anali kucezera pa mizere kudikira unga, saladi ndi sopo. Khonsolo nayo inali yosauka ngati anthu ake.

M'zaka zitatu zimenezo, 1985 mpaka 1988, a Sata anadzipangira dzina limene linawadyetsa moyo wao wonse. Misewu ya m'tauni inasesedwa, maenje anakwiriridwa, milatho inamangidwa. Gavanala ameneyu sanali wokhala mu ofesi. Anali kutulukira modzidzimutsa pamene anchito a khonsolo akugwira nchito, ndudu ili kukamwa, nadzudzula waulesi pamaso pa anthu. Anachuka monga munthu wa zocita, ndipo dzina la King Cobra linawamamatira cifukwa ca lilime lao lolasa. Pa nthawi imene akulu-akulu ambiri a boma anali kuonekera pa misonkhano cabe, kuona bwana ataponda matope cinali cinthu cacilendo, ndipo anthu sanaiwale.

Tinene zoona, komabe. Ukhondo umenewo unaonekera kwambiri ku Cairo Road ndi m'misewu ya phula kusiyana ndi kuno. Mbali yaikulu ya Kanyama inali ikali yosabvomerezeka m'malamulo, ndipo inadikira mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndiponso nchito ija inali kuyenda ndi mantha. Wosesa anali kusesa poopa kuti gavanala angatulukire. Gavanalayo atasamutsidwa mu 1988 kukakhala nduna yaing'ono yoona za kugawa mphamvu ku maboma, khonsolo inatsala yopanda ndalama zokwanira, yopanda zipangizo, yopandanso dongosolo loti nchito ipitirire yokha. Zinyalala zinabwerera m'malo mwake.

Nduna ya MMD

Mu June 1990 mtengo wa unga unakwezedwa kowirikiza, makomboni a Lusaka naukira, anthu oposa 20 nafa. A Sata, amene anali kudziwa kuwerenga mitambo mvula isanagwe, anacoka mu UNIP nalowa cipani catsopano ca MMD. Cipanico citapambana pa cisankho ca 31 October 1991, a Frederick Chiluba anawapatsa unduna wa makhonsolo ndi nyumba. Pambuyo pake anakhala nduna ya za anchito, kenaka nduna ya zaumoyo. Ku zaumoyo anacita monga anacitira ku khonsolo: kutulukira m'zipatala mosayembekezeka, kuyang'ana ukhondo, kukalipira ocedwa pa nchito. Odwala ambiri anawayamikira.

Lamulo la 1991 linabwezera mpando wa meya ndi makhansala osankhidwa ndi anthu onse. Koma boma lomwelo, limene a Sata anali mzati wake, linaphwetsa thumba la makhonsolo. Mu 1996, masankho ali pafupi, a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja a ku Matero, Chilenje, Kabwata ndi Libala anakondwera, ndipo sitingawaimbe mlandu, pakuti anakhala eni nyumba. Koma lendi ya nyumba zija ndiyo inali ng'ombe imene khonsolo inali kukama. Ng'ombeyo itagulitsidwa, anchito a makhonsolo ambiri m'dziko anayamba kukhala miyezi osalandira. Ife a m'makomboni, amene tinalibe nyumba ya khonsolo yoti tigule, tinatsala cimanja-manja: nyumba sitinapate, ndipo khonsolo yoti itikumbire ngalande inali itafooka.

Caka comweco ca 1996 a Sata anasiya Kabwata nakaima kwao ku Mpika. Anakhala mlembi wamkulu wa MMD ndiponso nduna yopanda unduna wake-wake, munthu wodalirika wa a Chiluba. Apa ndi pamene pali banga lalikulu pa mbiri yao. Mu 2001 anali patsogolo pa anthu ofuna kusintha malamulo a dziko kuti a Chiluba aimenso kacitatu. Maepiskopi athu, pamodzi ndi mipingo ya CCZ ndi EFZ, maloya a LAZ ndi mabungwe a amai, anapanga Oasis Forum nakana kwamtu wa galu. Anthu anabvala timaliboni tobiriwira ndi kuliza mahutala a magalimoto, mpaka a Chiluba anagonja mu May. Mu July caka comweco, pa cisankho capadera ca ku Chawama, anyamata onyamula zikwanje anatema anthu, ndipo ambiri analoza cala a Sata monga wotsogolera kampeni ya MMD. Cipani cao cinagonja ku Chawama. M'caka cimeneco Mkatolika wosaphonya Misa anali ataima tsidya lina, Eklezia wake tsidya lina.

Zaka khumi m'bwato

A Chiluba atasankha a Levy Mwanawasa kukhala wolowa m'malo mwao, a Sata anapsa mtima, nacoka, napanga cipani ca Patriotic Front. Pa cisankho ca December 2001 anapeza mavoti ongopitirira 3 pa 100 alionse, ndi phungu mmodzi yekha. Anthu anati za a Sata zatha. Anamangidwa mu 2002, namangidwanso mu 2005, koma sanafooke.

Cimene cinawapulumutsa ndi luso lija la ukhansala. Anabwerera kumene anayambira: ku misika, kwa madalaivala ndi makondakitala a maminibasi, kwa akaponya, kwa amai ogulitsa matimati ndi makala, ndi pa mawailesi oimbira foni. Analankhula za misonkho yokwera, za malipiro ocepa m'makampani a alendo, maka-maka a ku China, ndi za madzi olowa m'nyumba. Cizindikiro ca cipani cao cinali bwato, ndipo kwa munthu wa ku Kanyama amene amaoloka madzi popita ku nchito mu January ndi February, bwato silinafune womasulira. Mu September 2006 PF inatenga mipando yonse 7 ya aphungu mumzinda wa Lusaka, kuphatikizapo Kanyama kumene anapambana a Henry Mtonga, ndipo inatenganso khonsolo. Pa mpando wa mtsogoleri wa dziko a Sata anapeza mavoti 29 pa 100 ndipo a Mwanawasa 43 pa 100, pakuti midzi ya kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo sinawavotere. Zotsatira zitamveka kunabuka zipolowe m'makomboni ena.

Mu April 2008 a Sata anadwala mtima mwadzidzidzi. Boma la a Mwanawasa, munthu amene iwo anali kumunyoza poyera zaka zambiri, linawatumiza ku cipatala ku South Africa. Atacira anapita ku State House kukayanjana nao, ndipo patangopita miyezi yocepa, mu August, a Mwanawasa anamwalira. Ciyanjano cimeneco ndi cimodzi mwa zinthu zabwino zimene andale athu anationetsapo. Pa cisankho ca October 2008 a Sata anagonja kwa a Rupiah Banda ndi mavoti pafupi-fupi 35,000 okha.

Koma tisaiwale kuti kuyambira 2006 khonsolo ya Lusaka inali m'manja mwa makhansala a cipani ca a Sata. Iwo anali kudandaula kuti boma la MMD likuwamana ndalama, boma nalo linali kunena kuti makhansala ndiwo olephera. Njobvu ziwiri zinali kumenyana, udzu tinali ife. Mu 2010 madzi anamizanso Kanyama, Misisi, Kuku ndi Chawama, mabanja ena nakagona m'matenti pa bwalo la Independence. Mu January 2011 nduna ya makhonsolo inaimitsa khonsolo yonse pa nkhani ya kagawidwe ka mapuloti.

Ku State House

Pa cisankho ca 20 September 2011, ulendo wacinai, a Sata anapambana ndi mavoti pafupi-fupi 42 pa 100, nalumbira pa 23 September ali ndi zaka 74. Makomboni sanagone. Lamulungu lotsatira, pa Misa ku parishi yao ya St Ignatius, analonjeza kuti adzalamulira motsata Malamulo Khumi a Mulungu. Pa kampeni anali atalonjeza ndalama zambiri m'matumba, misonkho yocepa, nchito zambiri, ndi kusintha zinthu m'masiku 90.

Zina anacitadi. Mu 2012 malipiro a anchito a m'nyumba ndi a m'masitolo anakwezedwa, ndipo ndalama zolipira m'makiliniki a m'tauni zinacotsedwa. Anapanga cigawo catsopano ca Muchinga ndi maboma atsopano ambiri. Anayamba nchito ya misewu ya Link Zambia 8000, ndi ya L400 mu Lusaka, imene inabweretsa phula m'misewu ina ya m'makomboni imene inali isanalionepo. Mu May 2012 boma lao linasaina pangano ndi dziko la America la madola pafupi-fupi 355 miliyoni a madzi, zimbudzi ndi ngalande za Lusaka, zokambirana zake zitayambira m'boma lakale. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi ndalama zimenezo. Pa 1 January 2013 kwacha inadulidwa mazilo atatu.

Koma gavanala wakale amene anachuka ndi kusesa mzinda, atangolowa ku State House, mu December 2011 analamula makhonsolo kuti asathamangitse ogulitsa malonda m'misewu. Tidziwa kuti amai ndi anyamata amenewo amafunira ana ao cakudya, ndipo ambiri ndi abale athu enieni. Koma kuwalola popanda kuwamangira zimbudzi, mipopi ndi potaya zinyalala kunali kubzala matenda. Misika ndi masitesheni zinali m'manja mwa makada, ndalama zoyenera kulowa m'thumba la khonsolo nizilowa m'matumba a anyamata a cipani, monga zinalili m'nthawi ya UNIP ndi ya MMD.

Alimi nao ali ndi zokumbukira. Mu 2012 mtengo wa thonje unagwa ndi theka, alimi ena a kum'mawa naocha thonje lao cifukwa ca mkwiyo. Wansembe wa ku Lundazi, Bambo Viateur Banyangandora wocokera ku Rwanda, atalalika za umphawi wa anthu ake, anagwidwa nathamangitsidwa m'dziko. Ambuye George Lungu, episkopi wa Chipata, anadandaula kolimba, ndipo boma linadzabweza lamulolo. Mu 2013 boma linaleka kuikapo ndalama zocepetsa mtengo wa mafuta a galimoto ndi wa cimanga ca ogaya unga, motero mtengo wa basi ndi wa unga unakwera. Anthu atasonkhana m'chalichi ca BIGOCA ku Matero kudzapemphera ndi kudandaula za zimenezi, makada analowa nawamenya. Mu January 2014 Bambo Frank Bwalya anamangidwa cifukwa cofanizira mtsogoleri ndi mbatata yokhota. Munthu amene anakwera ndi lilime lolasa sanakonde kulasidwa ndi lilime la ena.

Misewu ija inamangidwa ndi nkhongole. Mu 2012 boma linakongola madola 750 miliyoni pa misika ya ndalama ya kunja, ndipo mu 2014 linaonjezera 1 biliyoni. Olowa m'malo anapitiriza kukongola, mpaka mu November 2020 Zambia inalephera kulipira. Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu; apa zodya akulu ndizo zinapota ana.

Imfa yao ndi zotsatira

Mu 2014 thanzi la a Sata linafooka, ndipo anali kuoneka kamodzi-kamodzi. Anapita ku London kutatsala masiku ocepa kuti dziko likondwerere zaka 50 za ufulu, namwalira pa 28 October 2014 m'cipatala ca King Edward VII ali ndi zaka 77. Akazi ao, mai Christine Kaseba, anali pambali pao, pamodzi ndi mwana wao a Mulenga Sata, amene pa nthawiyo anali meya wa Lusaka, mutu wa khonsolo yomwe atate ao anayambira. Misa ya maliro inacitikira pa bwalo la National Heroes, motsogozedwa ndi Ambuye Telesphore Mpundu, ndipo anaikidwa ku Embassy Park pa 11 November.

Madzi saiwala khwawa. Patapita zaka zitatu, mu October 2017, kolera inabuka mu Lusaka nikantha Kanyama koposa. Anthu oposa 100 anafa m'dziko lonse. Asilikali anacotsa ogulitsa m'misewu, misika inatsekedwa, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa, ndipo mu January 2018 anthu a ku Kanyama anaukira. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo: odwala oposa 20,000, omwalira oposa 700. Bwalo lomwe lija limene tinaimbira a Sata nyimbo za maliro linasanduka cipatala ca kolera.

Zimene titolapo

Pa moyo wa a Sata pali cinthu cabwino cimene khansala aliyense ayenera kutengera. Mtsogoleri afike yekha pamene pali bvuto, aponde matope amene anthu ake amaponda, alankhule nao m'cilankhulo cao. Anthu a m'makomboni anawakonda cifukwa anadzimva kuti pali wina amene wawaona. Cikondi cimeneco sicinali ca bodza, ndipo misozi imene inagwa mu November 2014 inali yeniyeni.

Koma pali cinanso coti tisacilambalale. Katatu konse bamboyu anagwira khonsolo ya Lusaka m'manja: monga gavanala, monga nduna ya makhonsolo, ndiponso monga mtsogoleri wa dziko. Katatu konse nchito inayenda pamene maso ao anali pomwepo, ndipo inaima atayang'ana kwina. Khonsolo yamphamvu, yotolera ndalama zake m'misika popanda makada, yokhala ndi anchito olandira pa nthawi yake ndi mabuku oonekera poyera, sanaisiye. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala wolimba ngati wa King Cobra. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 500,000 m'dera la Kanyama, kuposa a ku Kabwe kapena a ku Livingstone. Unyinji wotere sungadikire kuti kubadwe Sata wina wodzakalipira wokumba ngalande.

Malamulo ena anasintha. Kuyambira 2016 meya timamusankha ife tokha. Mu 2022 ndalama za citukuko ca dera, za CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zofuna za anthu ziyenera kudzera mu komiti ya citukuko ya mu wadi. Ici citanthauza kuti pepala la khansala, limene ambiri timaconga mothamanga pongotsata cizindikiro ca cipani, ndilo loyandikana kwambiri ndi khomo lathu. Tisanacongepo tifunse: kodi munthuyu amakhala kuti, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba mwake? Kodi anagulitsapo puloti pa njira ya madzi? Kodi akasankhidwa adzationetsa pa pepala kuti ndalama zalowa zingati ndipo zagula ciani? Inu alimi a ku Chongwe, Petauke, Katete ndi Lundazi, mafunso ndi omwewa pa mlatho wa ku munda, pa mjigo, pa dibi la ng'ombe ndi pa msewu wopita ku depoti. Misonkhano ya mu wadi ikaitanidwa tipiteko monga tipita ku misonkhano ya m'parishi, ndipo zinyalala tileke kutaya m'ngalande usiku, pakuti madzi amene adzatseka adzabwerera pa mphasa pathu.

A Michael Sata anali munthu wacangu, waukali, wanthabwala, wa mphatso zambiri ndi zolakwa zooneka. Ciweruzo cao cili m'manja mwa Mulungu amene anamutumikira ali mnyamata ku Lubushi. Ife tiwapempherere kuti mzimu wao uuse mumtendere, ndipo nchito ya ngalande, madzi ndi zimbudzi imene anaisiya pakati tiifunse kwa makhansala amene ali moyo.